Kalata kwa mng'ono wanga wophunzitsa Sitandade 1

Mng'ono wanga,

Ana ako umawayambitsa ndi a, e, i, o, u, koma pa mbiri ya zilembo mavawelo amenewa ndi obwera pambuyo.

Eni zilembo zimene timalembazi ndi Afoinike, amalonda a m'mizinda ya Byblos, Tyre ndi Sidon, komwe lero kuli Lebanon. Cha m'ma 1000 BC ankalemba ndi zilembo 22 basi, makonsonanti okhaokha, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nawonso anachita kulandira. Mu 1905, wofukula zakale wina dzina lake Flinders Petrie anapeza zolemba zakale kuposa zawo pa migodi ya Serabit el-Khadim ku Sinai, ndipo pa zolembazo chithunzi chinkaimira liwu loyamba la dzina la chinthucho. Mutu wa ng'ombe, imene ankaitcha alef, ndiye kholo la A. Umulembe chadodolido pabolodi, anawo aziona okha nyangazo. M naye anali mafunde a madzi.

Ku Egypt ndi ku Mesopotamia mlembi ankatha zaka akuloweza zizindikiro mazanamazana, choncho kulemba kunali kwa anthu owerengeka. Zilembo 22 wamalonda wamba akanazikwanitsa. Zombo zonyamula matabwa a mkungudza ndi nsalu zofiirira zinazifikitsa ku Cyprus mpaka ku Carthage. Nthambi ina inadzera kwa Aaramu, n'kubala zilembo za Chiheberi ndi Chiarabu.

Agiriki atazitenga cha m'ma 800 BC anapeza zina zoimira mawu apakhosi amene m'chinenero chawo munalibe. Sanazitaye, anazisandutsa mavawelo, ndipo alef uja anakhala alpha. Kwa ine apa ndi pamene tinapindulira ife. Chichewa chopanda mavawelo sichingawerengeke: mwana ataona "kl" angadziwe bwanji ngati ndi kula, kola kapena kale? Kuchoka kwa Agiriki zilembozi zinapita kwa anthu a ku Etruria, kenako kwa Aroma, ndipo kuno zinafika ndi amishoni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mabuku a Afoinike eni ake anaola, poti ankalemba pa gumbwa. Zambiri zotsala n'zapamiyala, monga bokosi lamaliro la mfumu Ahiram lomwe linafukulidwa ku Byblos mu 1923. Pachivundikiro chake mwana wa mfumuyo analembetsapo temberero kwa mfumu kapena mkulu wa asilikali aliyense amene adzalitsegule. Panopa lili mu myuziyamu ku Beirut.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mkulu wako.