KU PALABANA, KUMENE GALIMOTO YOKALAMBA SIPUMA NCHITO

Munthu wocokera mu mzinda wa Lusaka amene atsata mseu wa Leopards Hill, akapitirira manda aakulu aja ndi komboni ya Bauleni, amayamba kuona dziko likusintha. Nyumba za mipanda ya njerwa zimanka zicepa, ndipo m'malo mwake mumabwera mapulazi, mipanda ya waya ndi ng'ombe za mawanga akuda ndi oyera. Kumeneko, kum'mawa cakumwera kwa mzinda, m'boma la Chongwe, ndiko kuli Palabana. Ili ndi dziko la Asoli, anthu a Mfumu Nkomeshya, amene caka ndi caka amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula asanayambe kubzala.

Palabana amadziwika ndi mkaka. Kuno Boma linakhazikitsa sukulu yophunzitsa kawetedwe ka ng'ombe za mkaka, Palabana Dairy Training Institute, ndipo alimi ang'onoang'ono ali ndi kopaletivu yao yosonkhanitsa mkaka. Tsono mkaka sudikira munthu. Wokamidwa mbandakuca ukacedwa panjira dzuwa nkukwera, umasasa, ndipo thukuta la mlimi limapita pacabe. Ndico cifukwa cake galimoto iri yonse imene ikali ndi mpweya imagwira nchito, ngakhale ikhale yokalamba cotani. Pakati pa magalimoto a masiku ano, mwa apo ndi apo mumaonekabe nkhalamba monga vaneti ya Datsun 1200, Peugeot 404 kapena Land Rover yakale, itasenza zigubu za mkaka, matumba a gaga ndi anthu pamwamba pake.

Injini za magalimoto otere sizivuta kwenikweni, pakuti makanika ali yense wa pansi pa mtengo amazidziwa. Cimene cimadetsa nkhawa ndi mabuleki. Ambiri a mavaneti akalewa anapangidwa ndi mabuleki a dilamu ku mawilo onse anai. Dilamu ndi citsulo conga mphika cimene cimazungulira pamodzi ndi wilo, ndipo m'kati mwake muli mashuzi awiri. Woyendetsa akaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mashuziwo kuti akhuze khoma la mphikawo. Pa ulendo waufupi zonse zimayenda bwino. Koma pamene galimoto yolemedwa itsika citunda cacitali, dilamu imatentha nifutukuka, mashuzi naleka kugwira bwino, ndipo phazi limangomira pansi galimoto iri kuthamangabe. Nyengo ya dzinja ikafika, madzi a m'zithaphwi amalowa mu dilamu nakhalamo, kotero kuti wilo limodzi limagwira linzake osagwira, galimoto nikokera kumbali. Pa mseu umene ana a sukulu, njinga ndi ng'ombe zimayendamo pamodzi, cimeneci si cinthu cacing'ono.

Buleki ya disiki imagwira mwa njira yina. Disiki ndi citsulo caphanthiphanthi conga mbale, ndipo kalipa imacipana mbali zonse ziwiri ndi mapadi, monga momwe mbano imapanira mbewa. Popeza iri poyera, mphepo imaiziziritsa, madzi amathothoka wilo likangozungulira, ndiponso siifuna kumangidwamangidwa ndi sipanala monga mashuzi. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mngelezi Frederick Lanchester analembetsa buleki yotere mu 1902, galimoto ya Jaguar inapambana nayo mpikisano wa Le Mans mu 1953, ndipo mu 1955 Citroën DS inatuluka nayo pamsika. Koma magalimoto onyamula katundu anacedwa kuilandira. Eni ake amene afuna kukonza colakwikaci amayambira ku mawilo a kutsogolo, pakuti galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, ndipo mawilo amenewo ndiwo amasenza gawo lalikulu la nchito.

Zitsulo zatsopano za galimoto ya zaka makumi asanu nzosowa, ndipo zikapezeka mtengo wake ndi woopsa. Motero ulendo umaloza ku Lusaka, kwa ogulitsa zitsulo zophwasula ku magalimoto akufa. Malonda amenewa anakula pambuyo pa 1991, pamene malamulo a zamalonda anamasuka ndipo magalimoto ogwirapo kale nchito anayamba kufika ambirimbiri kucokera ku Japan. Mwini Datsun 1200 ndiye wamwayi, cifukwa mng'ono wake wa galimotoyi, Nissan 1400, anapitiriza kupangidwa ku South Africa kufikira 2008, ndipo za m'zaka zotsiriza zinali ndi madisiki kutsogolo. Mwini Land Rover ya Series III ali ndi phiri lalitali lokwera. Zoona, Land Rover One Ten ya 1983 inabwera ndi madisiki, koma miyendo yake inapangidwa mosiyana, kotero zitsulo zake sizingolowa ai popanda kusintha zambiri. Wa Peugeot naye ayenera kuwerenga mabauti a wilo ndi kuyesa zonse ndi muyeso asanatulutse ndalama, pakuti magalimoto a dzina limodzi sakhala ofanana nthawi zonse.

Apa mpamene makanika weniweni amasiyana ndi wongoyerekeza. Kumanga disiki ndi kalipa ndi theka cabe la nchito. Pampu yaikulu ya mabuleki, imene amakanika amaicha master cylinder, ikakhala ya madilamu kawirikawiri imakhala ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi. Kavalavu kameneka kakasiyidwa pa njira ya kutsogolo, mapadi samasuka bwino. Amakhuza disiki ulendo wonse, wilo nilitentha ngati mbaula. Ndiponso mashuzi a dilamu amadzithandiza okha kugwira pamene wilo lizungulira, koma mapadi satero, motero popanda busita yoonjezera mphamvu mwendo wa woyendetsa umatopa msanga. Ngati galimoto inali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, ndi nzeru kuika pampu ya njira ziwiri, kuti paipi imodzi ikaphulika mawilo awiri atsale akugwira. Pomaliza, limu yakale iyenera kuyesedwa, cifukwa ina imagunda kalipa.

Funso lalikulu ndi lakuti nciani cingagulidwe cakale. Citsulo colimba monga habu ndi thupi la kalipa cingathe kutumikira zaka zina zambiri ngati ciribe mng'alu kapena dzimbiri m'kati. Disiki nayo ingagulidwe yakale, malinga ikayesedwa isapyapyale kupitirira nambala imene opanga anadinda pa iyo. Koma ziri zonse za mphira, mapaipi ofewa, mapadi, mabering'i ndi mafuta ziyenera kukhala zatsopano. Mphira wokalamba amaoneka wabwino m'manja, nadzaphulika tsiku limene woyendetsa aponda ndi mphamvu zake zonse. Coipa cina cimene cimaoneka m'magalaji ena ndico kuocerera tizitsulo togwira kalipa ndi moto wa m'mbali mwa mseu. Malo amenewa amalandira mphamvu yoopsa, ndipo amafuna citsulo cocindikala, codulidwa mwa muyeso ndi comangidwa ndi mabauti olimba. Wopulumutsa makwaca ocepa pamenepa akusewera ndi miyoyo ya anthu okwera kumbuyo.

Nchito ikatha, mpweya umacotsedwa m'mapaipi kufikira buleki italimba pansi pa phazi. Galimoto iyenerabe kukapimidwa ndi a Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, monga galimoto ina iri yonse. Koma isanapite kumeneko, mwini wake acita bwino kuiyesa pa kanjira ka fumbi kopanda anthu, koyamba iri yopanda kanthu, kuti aone ngati mawilo a kumbuyo sakukhwekhwereza a kutsogolo asanagwire, ndipo kaciwiri itasenza zigubu zake zonse, zodzazidwa ndi madzi m'malo mwa mkaka.