Kanthu Kakuda ka M'wailesi

Ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya akulu kuno ku Chidzolomondo. Ndili ndi zaka 26. Ndinaphunzira uphunzitsi wa ana a pulaimale, koma lero ndikuphunzitsa inu makolo anga. Pali cinthu cimene cikundisowetsa tulo, ndipo ndifuna mucimve kwa ine mwini.

Caka catha, nthawi yogulitsa fodya, agogo ena a m'kalasi mwathu anabwera ndi wailesi yakufa. Anati, "Aphunzitsi, inu mumadziwa zilembo. Tawerengani m'katimu, mutiuze cavuta." Ndinatsegula. Ndinaona kanthu kakuda ka miyendo 8, kakang'ono ngati nyemba. Pamsana pake panalembedwa LM386. Zilembozo ndinaziwerenga bwinobwino, koma tanthauzo lake sindinalimve. Ndinacita manyazi pamaso pa ophunzira anga.

Loweruka ndinapita nayo ku Furancungo kwa mmisiri wa mawailesi. Iye anati kanthuko ndiko kamakuza mau kuti amveke pa sipika. Anandigulitsa kena. Kunyumba ndinatenthetsa msomali pamakala, ndinasungunula mtovu, ndi kukamatika. Koma ndinakaika cozondoka. Nditaika mabatire, kanatentha ndi kununkha. Ndalama yanga inapita. Ulendo waciwiri mmisiri anandionetsa kadontho ka pakona. Mwendo woyamba uli pamenepo. Nakonso kali ndi poyambira kuwerenga, monga mzere wa m'buku lathu.

Wailesi inalankhula, agogo anamvanso nkhani za Rádio Moçambique m'Cinyanja. Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinafunsa mmisiri uja, "Kodi m'kati mwake muli ciani?" Anati, "Acimwene, ife timangosintha. Sititsegula."

Ndinayamba kufufuza pa foni. Kanthu kotere amakacha cipi. M'kati mwake muli kacidutswa ka silikoni, cinthu cocokera ku mcenga. Pa kacidutswako anajambulapo tinjira ta magetsi ndi tizitseko tochedwa matransisita. Woyamba kupanga cipi anali Jack Kilby wa ku America, m'caka ca 1958.

Macipi alipo a mitundu iwiri. Ena amawerenga, monga timawerengera matumba a mbatata ya kacewere ku Tsangano: limodzi, awiri, atatu. Amenewa amadziwa 0 ndi 1 basi. Ena amayeza, monga muvi wa sikelo ya fodya umene umayenda pang'onopang'ono ndi kuima paliponse. Amenewa ndi a analogi. Mau a munthu amakwera ndi kutsika. Dzuwa pa sola limakula ndi kucepa. Moto wa m'batire umatha pang'onopang'ono. Zonsezi zimafuna cipi coyeza. Ngakhale foni, imene imawerenga kwambiri, singamve mau anu popanda mbali ya analogi.

Ndiye pali anthu amene nchito yao ndi kulinganiza tinjira timeneti. Nchito imeneyi ndi yovuta. Transisita imasintha khalidwe kukatentha ndi kukazizira. Wolinganiza ayenera kuganiza za cisanu ca mwezi wa Juni ndi kutentha kwa Okutobala, kuti cipi cigwire bwino ponseponse. Akalakwitsa, sangakonze ndi msomali monga ine. Ayenera kudikira miyezi kuti fakitale ipange cina. Cifukwa cace amaphunzira zaka zambiri pafupi ndi odziwa, monga mwana wa wosula makasu.

Nchito imeneyi ndiyo ndikuifuna. Mukhoza kuseka, inenso ndinadziseka.

Njira yake ndaiwerenga. Poyamba ndimalize kalasi 12, ndi masamu ndi fizika. Kenaka ndiphunzire za magetsi, kaya ku Songo pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kaya ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Zikatha apo ndipitenso kunja, cifukwa mafakitale a macipi ali kutali, ku maiko monga Taiwan ndi America. Mabuku ambiri ali m'Cingelezi, ndipo canga ndi copunduka. Ndikaonkhetsa zaka zonse, zikukwana pafupifupi 10.

Amai anga anati, "Mwanawe, nanga munda alime ndani? Zimenezo zidyedwa?" Ndinawauza za William Kamkwamba wa ku Kasungu ku Malawi. Iye analeka sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002. Anayamba ndi kumasula mawailesi, kenaka anapanga makina a mphepo opatsa magetsi, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America. Amai anayankha kuti iye anali mnyamata wopanda banja. Pamenepo sananame. Ine ndili ndi mkazi ndi mwana.

Cimene cikundilemera koposa ndinu. Ambiri a inu mwangoyamba kulemba maina anu. Ndikacoka msanga, ena adzabweza pensulo m'thumba.

Ndiye ndapangana ndi a kunyumba motere. Ndagulitsa matumba awiri a cimanga, ndagula mita yoyezera magetsi ndi buku la masamu. Usiku ndimawerenga pa nyale ya sola. Kalasi ino sindiisiya mpaka mutalemba mayeso. Mtsikana wina wa m'mudzi muno wayamba kundithandiza pa bolodi, kuti azolowere coko. Lacisanu likudzali ndidzabwera ndi cipi cija cinapsa, aliyense acigwire ndi kuwerenga zilembo zake.