Masewera Amene Tinkaumba Tokha ku Songani

Ana a ku Songani a m'zaka za m'ma 1960 sitinkagula masewera. Tinkawakumba pansi, tinkawapinda ndi waya, tinkawaumba ndi dongo la kudambo, ndipo malamulo ake tinkapangana tokha tisanayambe. Nthawi imeneyo Zomba linali likulu la dziko, ndipo msewu wa ku Liwonde, umene umadutsa pamsika pathu, unkatibweretsera zoti tidyetse maso: ma Land Rover a boma, malole a Bedford, mabasi a UTM. Chimene chadutsa m'mawa, madzulo chinkapezeka chikuyenda pafumbi kuseri kwa nyumba, chitachepa msinkhu koma chili ndi dalaivala wake.

Masewera amene anatilera kwenikweni ndi ntchuwa. Inkafuna mthunzi wa mango, timiyala ndi kamtengo kokumbira basi. Tinkakumba mizere inayi ya maenje, iwiri yako, iwiri ya mnzako, n'kuika timiyala tiwiritiwiri. Ukatapa dzenje limodzi unkagwetsa kamwala kamodzikamodzi m'maenje otsatira. Kotsiriza kakagwera pamene pali ina, unkatapanso n'kupitirira. Kakagwera m'dzenje lopanda kanthu la mzere wam'kati, moyang'anizana ndi miyala ya mnzako, unkadya. Msana wa masewerawo unali umenewu, ndipo palibe amene ankaukhudza. Koma zina zonse zinali m'manja mwathu. Tikakhala awiri, maenje ankakhala ochepa. Akabwera anzathu a kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, tinkatalikitsa mizere mpaka munthu kumachita kuyenda chokwawa pogwetsa miyala, anyamata atatu mbali ino, atatu mbali iyo. Ena ankati ukadya uli ndi ufulu wotolanso dzenje lina limene wakonda. Ena ankakana kuti kumeneko n'kuba. Nchifukwa chake mawu oyamba pa ntchuwa iliyonse anali akuti, "Tisewera yakwanu kapena yakwathu?"

Chaka cha 1968 nyanja ya Chilwa inaphwa. Amalume anga, amene ankapalasa njinga kukapikula matemba ndi milamba kudoko la Kachulu, anakoleka madengu kudenga. Anthu ankayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi pamene kale pankayenda mabwato. Inali nthawi ya njala ya ndiwo ndiponso ya ndalama, ndipo azibambo ambiri ankaswera pakhonde la sitolo atazungulira bawo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzirira kuti masewera nawonso ali ndi aphunzitsi ake.

Bawo ya amalume inali ya thabwa lolemera, losalala chifukwa cha manja, ya maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo mbali iliyonse inali ndi dzenje limodzi la ngodya zinayi lotchedwa nyumba. Akuluakulu ankasewera mwakachetechete, koma oonerera ndiwo ankasokosera, Chiyao ndi Chinyanja kusakanikirana. Wina akati atakate, wina n'kumugwira dzanja: "Dikirani kaye achimwene, simukuona kuti nyumba ipita?" Mwana akaonetsa chidwi sankamuthamangitsa. Ankamuyambitsa ndi bawo yosavuta, nkhomo ziwiriziwiri m'maenje onse, popanda za nyumba ndi zosunga m'manja. Akakhwima ndiye ankamuonjezera malamulo limodzilimodzi. Mlendo wochokera ku Mangochi kapena ku Mozambique akakhala pansi, ankayamba afunsana za kayambidwe ndi za nthawi imene nyumba ingaphwasulidwe, chifukwa aliyense ankadziwa kuti bawo yayenda mitunda yaitali kuchokera kugombe la Aswahili, ndipo paliponse pamene inagona inatolapo kanthu.

Galimoto za waya zinali sukulu ina. Waya tinkatola wa mipanda yakutha, mateyala tinkadula ku mapatapata othothoka kapena kupinda zitsekerero za mabotolo, zomangira zinali malegeni a chubu cha njinga. Mnyamata wina wamkulu kwa ife anatulukira njira yoti chiongolero chachitali chija chizikhotetsa mateyala akutsogolo. Sanabise. Anatembenuza galimoto yake chagada, ife titaunjikana, n'kutionetsa pamene waya wapingasa ndi pamene wakoleka. Sabata isanathe, Songani yense ankakhota. Wina anaonjeza masipuling'i kuti galimoto izinyanyuka pamabampu, wina anaika kabokosi konyamulira zitsononkho ngati matumba a chimanga, wina anamangirira babu ndi batire lakutha la wailesi kuti aziyenda ndi nyali madzulo. Luso la mmodzi linkasanduka poyambira pa mnzake.

Ndimakumbukiranso galimoto ina imene inabwera m'sutikesi. Bambo a mnzathu wina anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni, masiku a Wenela asanathe mu 1974. Inali yachitsulo, yofiira, yopukusa ndi kiyi, ndipo tsiku loyamba tonse tinataya zathu pansi n'kumaithamangira. Koma inkangodziwa chinthu chimodzi: kupita kutsogolo mpaka mphamvu itatha. Sinkakhota, sinkanyamula katundu, ndipo mwini wake ankaletsedwa kuitsegula. Sipuling'i yake itaduka, panalibe aliyense pakati pathu wodziwa za m'mimba mwake. Inakhala pawindo mpaka dzimbiri, mwini wake n'kubwerera ku waya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zonsezi zandibwerera chifukwa cha zimene ndikuona pamsika masiku ano. Magetsi anafika, ndipo m'timashopu tina anyamata amalipira kuti amenye mpira pa PlayStation, ena ali pa foni. Mdzukulu wanga wina, amene anaphunzira za makompyuta, anandionetsa masewera oyendetsa basi otchedwa Bus Simulator Indonesia. Anthu a ku Indonesia anawapanga molola kuti wosewera apente basi mmene akufunira, ngakhale kulowetsamo galimoto imene wapanga wina. Iye anali atapenta yake n'kulemba pagalasi kuti Limbe, Zomba, Songani, Liwonde. Mu mpira wa Dream League Soccer anali ataveka timu yake yunifolomu yofiira ya Bullets, mnzake ya buluu ya Wanderers. Ndinamufunsa kuti zimenezi amagula kuti. Anati, "Anganga, sitigula. Awa ndi ma mod, amapanga ndi osewera anzathu. Mmodzi akakhala ndi bandulo amatsitsa, enafe timangogawana pa foni."

Ndinafuna kudziwa chifukwa chake masewera ena ali ndi khamu la anthu owakonzanso pomwe ena alibe, ndipo mbiri yake inandikhalira ngati ndikuidziwa kale. Mu 1993 kampani ya id Software ya ku America inatulutsa masewera otchedwa Doom. John Carmack ndi anzake anaika zithunzi, mamvekedwe ndi mapu m'mafayilo apadera otchedwa WAD, osiyana ndi injini yoyendetsa masewerawo, kuti munthu athe kusintha zipinda ndi adani popanda kuononga injiniyo. Mu 1997 anatulutsa poyera ngakhale malemba a injiniyo, ndipo mpaka lero, patapita zaka zoposa 30 chitulukire masewerawo, anthu akupangabe mapu atsopano a Doom. Kampani ya Valve itatulutsa Half-Life mu 1998, anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anaisandutsa Counter-Strike mu 1999. Valve sinawakokere kukhoti; inagula ntchito yawoyo n'kuwalemba ntchito. Warcraft III ya mu 2002 inabwera ndi chida chake chojambulira mapu, ndipo m'manja mwa osewera munatuluka DotA, imene inadzabala Dota 2 mu 2013. Minecraft, imene anayambitsa Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, ili ngati dambo la dongo: imakupatsa zoumbira, zoti uumbe uganize wekha. Pofika 2023 inali itagulidwa koposa 300 miliyoni.

Pamenepa ndikuona zinthu zomwe zija tinkazidziwa pansi pa mango. Masewera okopa amisiri amakhala ndi msana wolimba, wokoma kale pawokha, koma nthambi zake zimalola kupindidwa. M'mimba mwake mumaoneka, ndipo zida zogwirira ntchito zimapezeka kwa munthu wamba. Eni ake sakwiya ukawakhudza. Pamakhalanso khonde pamene odziwa amakhala ndi ophunzira, kaya ndi la sitolo kaya ndi la pa intaneti, kuti wobwera lero ayambire pamene wadzulo analekezera. Ndipo choposa zonse, amasiya malo oti munthu aikemo kwawo. Mwana wa ku Songani sadzapeza dzina la msika wake m'masewera opangidwa kutsidya kwa nyanja pokhapokha alilembemo yekha. Kwathunso m'ma 1970, ang'ono athu akamamenya chikulunga pabwalo la sukulu, aliyense ankafuna kukhala Kinnah Phiri, ndipo malamulo ankasintha malinga ndi bwalo: pamene palibe mapolo, makona atatu ankasanduka penate.

Koma pali chinthu chimene ndimachiopa, ndicho ndalama zikalowa pakati pa anthu ogawana. Mu 2015 Valve ndi Bethesda anayesa kuti ma mod a masewera a Skyrim azigulitsidwa. Osewera anakwiya kwambiri moti dongosololo linachotsedwa patangopita masiku ochepa. Sindikunena kuti mmisiri asadye thukuta lake. Koma luso limene lamangidwa pa luso la anthu ambiri limavuta kuliika mtengo, chifukwa amene anayamba kukhotetsa mateyala ndi wina, amene anaika nyali ndi wina. Tikanati tizilipiritsana pa waya paja, galimoto za ku Songani zikanathera pa mateyala osakhota.

Makolo anzanga ambiri amadandaula kuti mafoni awononga ana, ndipo nkhawa yawo ndimaimva. Mwana amene amangokhala chete kuyambira m'mawa, chala chokha chikuyenda, osatunga madzi, osagwira khasu, osatsegula buku, afunika kudzudzulidwa. Koma tisaphatikize onse m'thumba limodzi. Pali kusiyana pakati pa mwana amene akungodya zimene ena aphika ndi amene akutsegula, kusintha, kulakwitsa, kukonza, n'kukaonetsa anzake. Wachiwiriyu akuphunzira zimene ife tinaphunzira pa waya. Mwa anzanga opinda waya aja, ena anadzakhala amakaniko, ena owotcherera, ena okonza mawailesi, ndipo palibe amene anawauza kuti akuphunzira ntchito.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi a m'sukulu zathu za kuno kwa Malemia, ndi kwa amene amaphunzitsa aphunzitsiwo ku Domasi, ndi lakuti mwana wopenta basi pa foni amufunse mmene wachitira, ndipo amupatse mpata wophunzitsa anzake. Kwa ife agogo, ntchito yathu ndi kuwakhazika ana omwewa pa ntchuwa ndi pa bawo tisanapite, kuti adziwe kuti kusintha masewera si nzeru yobwera ndi ndege. Amene lero akuika dzina la Songani pa basi ya ku Indonesia, mawa akhoza kupanga masewera akeake, a ngalawa za pa Chilwa ndi njinga za matemba, ndipo akadzatero adzakumbukire kusiya chitseko chotsegula kuti anzake adzaonjezerepo.