Marandi kapena mapaundi? Funso la kamakina ku Joni

Ukwati wa msuweni wanga unali ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo achibale tinachokera mbali ziwiri. Ine ndinakwera ndege usiku ku Heathrow n'kutera kutacha pa OR Tambo. Amalume anadzera pansi, pa basi yochokera ku Blantyre: chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Ndalama zawo zinali m'kathumba kamene akazi awo anawasokera mkati mwa thalauza. Zanga zinali m'makhadi awiri.

Za makhadiwo ndinali nditakonzeratu ndisananyamuke. Makhadi ambiri a ngongole ku Britain amadula pafupifupi mapaundi 3 pa mapaundi 100 alionse amene wagwiritsa ntchito kunja. Pa kapu ya tiyi sizioneka, koma ikafika hotelo, galimoto ya hayala ndi mphatso za akwati, ndalamayo imakwana nsapato yabwino. Alipo makhadi ena, monga Halifax Clarity ndi Barclaycard Rewards, amene sadula kalikonse pogula kunja. Amangotsata mtengo wosinthira wa Mastercard kapena Visa wa tsikulo. Ndinatenga la mtundu umenewo, linalo n'kungokhala lodzitetezera, ndipo sindinawaike m'chikwama chimodzi.

Khadi linayamba ntchito pa Gautrain, sitima ija inayamba kuyenda mu 2010 masewero a World Cup atayandikira. Ndinangogunditsa pa chipata, posakhalitsa ndili ku Sandton.

Nkhani yeniyeni inabuka madzulo, titapita ndi amalume kukagula suti yoti akavale pa ukwati. Mtsikana wa pakauntala anandipatsa kamakina, ndipo nditalowetsa khadi, kanandifunsa: ndilipire m'marandi kapena m'mapaundi? Mapaundi ndiwo anali pamwamba, zilembo zikuluzikulu, mtengo wake utawerengedwa kale.

“Sankha akwanuwo, mphwanga,” anatero amalume akusuzumira. “Si ndalama imene umaidziwa?”

“Ayi amalume, pano timalipira marandi.”

Anandiyang'ana ngati mwana wokana nsima yophikaphika. Ndinawafotokozera tili panja. Ukasankha ndalama ya kwanu, amene amasintha si Visa kapena Mastercard ayi, ndi kampani ya kamakinako, pa mtengo umene yadziikira yokha, ndipo sitoloyo imapatsidwako kangachepe. Mtengo umenewo kawirikawiri umapweteka kuposa wa kubanki. Choncho ngakhale khadi lako likhale losadula kanthu, ukadina mapaundi phindu lonse lija walitaya wekha, ndi chala chako. Chimene chimandinyansa n'chakuti funsolo limabwera ngati chifundo, eti akukuthandiza kuti usavutike ndi masamu. Ndipo alipo ogulitsa ena amene amadina okha usanaone. N'chifukwa chake kamakina ndimakagwira ndekha, risiti n'kuiwerenga ndisanachoke.

Funso lomwelo linabweranso pa ATM, litangovala malaya ena: kodi ndikuvomera kuti makinawo andisinthire? Ndinakana. Apa panalinso china choti ndisamale. Kutapa ndalama ndi khadi la ngongole sikufanana ndi kugula katundu. Makhadi ambiri amadula kaye ndalama yotapira, kenako chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, osadikira kutha kwa mwezi. Ndinatapa ndi khadi la akaunti yanga wamba, zochulukirapo kamodzi, chifukwa makina ena amalipiritsa pa kutapa kulikonse, kaya watenga zambiri kaya zochepa. Marandi a m'manja sangalephere kufunika: minibasi za kumeneko, zimene eni ake amati ma taxi, ndi amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu amafuna ndalama yogwirika.

Amalume anamvetsera zonsezi mwaulemu, kenako anaseka. Iwo akuti mavuto angawa ndi a anthu okhuta. Kumudzi nkhani si ya maperesenti atatu, ndi yoti ndalama yakunjayo uipeze kaye. Anandikumbutsa za Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pempho lawo la marandi ku banki linachedwa, khadi lawo la kumudzi linali ndi malire ochepa pa zogula kunja, ndiye zotsalazo anakazipeza kwa anyamata osintha ndalama, pa mtengo umene sanafune kuutchula pamaso pa ana. Pamenepa ndinalibe nzeru yowapatsa, kupatula kuti hotelo ndi suti zipite pa khadi langa, marandi awo awasunge ogulira katundu wa ku shopu yawo ku Ndirande.

Ukwati unayenda bwino: kwaya ya Amalawi a kumeneko, nkhuku zambiri, ndi pelekanipelekani amene anatenga masana onse. Apo khadi linalibe mawu. Mkwati saponyeredwa pulasitiki. Timapepala ta R10 ndi R20 ndi timene tinkauluka, ndipo anyamata a pa tebulo la tchenji anatuluka thukuta kuposa ovina.

Tsiku lobwerera ndinatsala ndi marandi angapo m'thumba. Kuwasinthanso kukhala mapaundi pa bwalo la ndege kukanakhala kudulidwa kachiwiri pa ndalama yomweyo, ndipo mitengo ya m'mabwalo a ndege ndiyo yowawa kwambiri. Ndinawapereka kwa amalume pa Park Station akukweza katoni zawo. Anawawerenga, nati akwanira chakudya cha ku Musina ndi mnyamata wonyamula katundu pa Beitbridge.