Kodi Biti Imodzi Ingaboole Zonse?

Mafunso amene anansi anga amandifunsa pa za makina oboolera ndi ambiri, koma onse amabwerera ku limodzi: kodi biti imodzi ingaboole zonse? Iyayi, singatero. Ine ndine mmisiri wa matabwa, ndipo makina anga ndi a batire ya mavolti 18 imene ndimadzaza pa sola. Munthu akabwera kudzawabwereka ndimayamba ndamufunsa cimene afuna kuboola. Ena amayesa kuti ndikuwamana.

Makolo athu poboola mpini wa khasu anali kufiiritsa citsulo pamoto ndi kucilowetsa pang'onopang'ono, dzanja likumva pamene mtengo wakana. Makina sakumva zimenezo. Amangozungulira, kaya akumana ndi thabwa, njerwa kapena cala ca munthu, cotero woboolayo ndiye ayenera kuwasankhira biti ndi liwiro.

Thabwa ndilo losavuta. Biti yake ili ndi kansonga pakati, ndipo imakonda liwiro. Pa mtengo wolimba monga mlombwa muziiturutsa kawirikawiri kuti utuci ucoke. Mukaona utsi, dziwani kuti mwayamba kuoca. Ikani thabwa lina lacabe kunsi kuti kumene biti iturukira kusanyotsoke.

Citsulo ndico cimathera anthu ndalama. Mnyamata akaona kuti sicikubooka amaonjezera liwiro, pamene cofunika ndi kulicepetsa. Biti ikatentha kufikira nsonga yake itasanduka yobiriwira ngati thambo, kulimba kwake kwatha, ndipo kwa ife okhala kutali ndi boma, kugula ina ndi ulendo wa tsiku lathunthu wopita ku Cipata kapena ku Katete. Ine ndimayamba ndakhoma kacizindikiro ndi nsonga ya citsulo colimba kuti biti isaterereke, ndidontheza mafuta a injini, ndiboola ndi yaing'ono ya mamilimita 3, pambuyo pake ndikuza bowolo ndi yaikuru. Zinyenyeswa zikamaturuka zopotana, nchito ikuyenda bwino; zikakhala ngati ufa, biti yabuntha. Citsulo copyapyala musacigwire ndi dzanja. Pa nthawi imene biti itulukira kuseri imakola, ndipo cidutswaco cimazungulira ngati mpeni. Cipanikizeni pa benci.

Pa malata a denga, bowo likhale pamsana pa lata, osati m'ngalande mmene madzi a mvula amayenda. Zioneka ngati nkhani yaing'ono mu Seputembala, koma pofika Januwale madzi adzakhala akudonthera pa matumba a cimanga. Mukatha, sesani zinyenyeswa zonse padengapo, cifukwa zimacita dzimbiri ndi kudya lata.

Njerwa ndi konkire zifuna biti yao-yao, imene kunsonga kwake kuli kacitsulo kolimba kotambalala pang'ono. Makina ambiri ali ndi posinthira pamene ajambulapo nyundo. Pa konkire tsegulani nyundoyo, koma pa njerwa zathu zooca m'mudzi, zimene zambiri ndi zofewa, yambani popanda nyundo kuopa kuswa njerwa yonse. M'nyumba ya magetsi musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa swici, pakuti mawaya amadzera m'menemo, ndipo mavolti 230 amapha. Maso atetezeni ndi magalasi, malaya a manja aatali muwapinde.

Pali nchito imodzi yokha imene makina anga sindibwereketsa konse: kuboola malata akale a asibesitosi, otuwa aja amene akali pa nyumba zambiri za aphunzitsi ndi m'makomboni. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituruka, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Bambo wina wacikulire anandikwiyira mwezi wathunthu pa cifukwa cimeneci. Anafuna kupacika waya wa sola padenga lotere. Tinamuimikira mtengo pambali pa nyumba, ndipo waya ukali pomwepo.