Imani pa Chinamwali M'mamawa

Alimi anzanga, mukachoka m'tauni ya Zomba kulowera ku Liwonde, mudzafika pa Chinamwali, m'tsinde mwa phiri la Zomba. Tsiku lina imani pamenepo m'mamawa. Mudzaona anamwino ali kudikira galimoto yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba, ena ali kubwerera kwawo atachezera ntchito usiku wonse.

Anthu amenewa asenza katundu wolemera. M'chaka cha 2021 odwala Covid-19 anachuluka, kotero kuti Boma linapereka nyumba ya Pulezidenti ya ku Zomba kuti ikhale chipatala. Matenda a kolera anatsatira mu 2022 ndi 2023. Ng'ombe yolima imafuna mthunzi; namwino nayenso amatopa mumtima.

Masiku ano m'mafoni muli mapulogalamu ophunzitsa munthu kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuti mtima ukhale pansi, tulo tibwere. Zimenezi ndi zothandiza ndithu, koma foni singanene "zikomo" m'malo mwanu. Fikani ndi mwana kuchipatala matenda asanakule, musaiwale buku lake, ndipo pamzere musakalipe. Wotisamalira, nafenso timsamale.