Mphepo imene sigwedeza tsamba

Kwathu ku Chonde mphepo timaidziwa ndi dzina. Ikafika June, phiri la Mulanje likabisala m'mitambo, timvula tozizira n'kuyamba kuwaza, aliyense amadziwa kuti chiperoni chafika, ndipo amayi amathamangira kukaanula ufa. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepoyo imadzera. Koma pali mphepo ina imene imawomba dziko lathu usana ndi usiku, osagwedeza ngakhale tsamba la nandolo. Iyi imachokera ku dzuwa.

Gwero lake limaoneka ndi maso pa kadamsana pokha. Ndimakumbukira wa pa 21 June 2001, Lachinayi masana. Kwathu kuno dzuwa linatsala kachidutswa ngati chikwakwa, kunja kunazizira mwadzidzidzi, agogo ali kukuwa: "Iwe mwanawe, usayang'ane kumwambako, uchita khungu!" Anzathu a ku Lusaka ndiwo anaona zonse. Mwezi unaphimba dzuwa kwa mphindi zoposa zitatu, ndipo mozungulira mdimawo munaoneka kuwala koyera, konyankhalala ngati tsitsi la nkhalamba. Akatswiri amakutcha korona, osati matenda aja ayi, koma chisoti chachifumu m'Chilatini.

Chimandizunguza mutu n'chakuti pankhope pa dzuwa kutentha ndi madigiri pafupifupi 5,500, pamene mu korona, kutali ndi moto weniweniwo, kumapitirira miliyoni imodzi. Zili ngati kuotha moto, ukamasunthira kutali n'kumapsa kwambiri. Mu 1958 Eugene Parker anawerengera kuti mpweya wotentha chonchi dzuwa silingathe kuugwira, umathawa basi. Ambiri sanamukhulupirire, koma zida zotumizidwa kumlengalenga zinaipezadi mphepoyo ikuthamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Mu 2021 chombo cha NASA chotchedwa dzina lake chinalowa mu korona momwemo.

Masiku ambiri mphepoyi siyivuta, chifukwa dziko lili ndi mphamvu ya maginito imene imaipatutsa ngati mpanda wa udzu. Zimavuta pamene maginito a padzuwa apotana n'kuduka: chimtambo cha mpweya wolemera matani mabiliyoni chimalavulidwa nthawi imodzi. Kuwala kumatifika m'mphindi zisanu ndi zitatu, koma chimtambochi chimayenda tsiku limodzi mpaka atatu. Chikagunda dziko, magetsi osayitanidwa amalowa m'mawaya aataliatali n'kuwotcha mathiransifoma. Pa 13 March 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala mumdima maola asanu ndi anayi.

Wina anena kuti izo n'za azungu okhala kumadera a chisanu. Komatu chakumapeto kwa October 2003 dzuwa linalavulanso, ndipo mathiransifoma angapo akuluakulu a Eskom ku South Africa anawonongeka, ena n'kumafa pang'onopang'ono kwa miyezi. Kumenekotu n'kumene abale athu ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo amagwira ntchito. Lero ku Hermanus bungwe la SANSA lili ndi anthu ongoyang'anira dzuwa usana ndi usiku, kuti achenjeze a magetsi ndi a ndege chimtambo chisanafike.

Nthawi ya kadamsana uja, dzuwa likanalavula, pakhomo pathu sitikanataya kanthu. Tinali ndi koloboyi, mtondo ndi wailesi ya mabatire. Lero chigayo chimadalira magetsi a ku Nkula ndi Tedzani, ndalama ya mchimwene wa ku Joni imafika pa foni, ndipo waya wochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya ndi woti utimangirire ku magetsi a mayiko oyandikana nafe. Ndimakondwa nazo zonsezi, ndipo sindikufuna kubwerera ku koloboyi. Koma waya ukatalika, ndi pamenenso mphepo ya dzuwa imapeza pogwira.

Mdima timaudziwa kale. Ana atawononga Kapichira mu January 2022 tinaulawa kwa nthawi yaitali. Namondwe uja wailesi inatichenjeza. Ndikufuna tsiku lina wolengeza zanyengo, akatha kunena za chiperoni ndi mwera, adzawonjezere mzere umodzi wa zimene dzuwa lachita.